Zimbale zisanu za Jean-Luc Ponty m'kabokosi kamodzi, m'khutu la woyimba bezi

Pakabokosipo palembedwa kuti Original Album Series, ndipo m'kati muli ma CD asanu a Jean-Luc Ponty, Mfalansa woyimba vayolini yamagetsi: Upon the Wings of Music cha 1975, Aurora ndi Imaginary Voyage za 1976, Enigmatic Ocean cha 1977, ndi Cosmic Messenger cha 1978. Zonsezi zinatuluka koyamba ku kampani ya Atlantic. Ndinenetu pano pomwe kuti n'kabokosi koyenera kugula, ngakhale madandaulo ndili nawo. Mlamu wanga amene anandibweretsera kuchokera ku Johannesburg anati mtengo wake sunafike n'komwe pa wa nsambo zatsopano za bezi. Ife amene timawiritsa nsambo zakale m'poto kuti litsiro lichoke, zilireko pang'ono tisanagule zina, muyeso umenewo timaumva bwino.

Ine ndimayimba bezi, Lamulungu kutchalitchi, Loweruka m'maukwati tikaitanidwa. Ndanena zimenezi kuti mudziwiretu komwe khutu langa limayambira. Wina akamamvera nyimbo amatsata mawu, wina amatsata lidi. Ine ndimayamba ndi zapansi kenako n'kumakwera. Mukaona kuti ndakhalitsa pa woyimba bezi wotchedwa Ralphe Armstrong kuposa mmene woyimba vayolini akanachitira, chifukwa chake n'chimenecho.

Tiyambe ndi katunduyo. CD iliyonse ili m'kathumba kake ka katoni, kotengera chikuto cha mbale yakale ya galamafoni, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Kuona n'kokongola ndithu. Vuto n'lakuti chikuto choyambiriracho chinali cha mainchesi 12, ndiye pochichepetsa kuti chikwane CD zilembo nazo zachepa mpaka kusanduka timadontho. Kuti ndidziwe amene akumenya ng'oma pa Aurora ndinachita kujambula kathumbako ndi foni n'kukulitsa chithunzicho. M'tithumbamo mulibe pulasitiki kapena kapepala kofewa, CD imangokhulana ndi katoni polowa ndi potuluka, ndipo fumbi la kwathu kuno la mu Okutobala likalowamo mumadziwa nokha zimene limachita. Langizo langa n'lakuti mukangotsegula, kopererani nyimbo zonse mu kompyuta kapena pa fulashi, ma CD-wo muwasunge. Nyimbo zowonjezera mulibe. Chimbale chilichonse n'chotalika monga chinalili pa mbale, mphindi pafupifupi 40.

Koma chondidandaulitsa kwambiri n'chakuti mulibe kabuku. Munthu amene wangogula osamudziwa Ponty angaganize kuti mkuluyu anangotulukira mu 1975 atanyamula vayolini yolumikiza ku ampulifaya. Chikhalirecho pofika chaka chimenecho anali atayenda kale ulendo wautali, ndipo ulendowo ndi umene umamasulira zimene zikumveka m'zimbalezi. Mundilole ndigwire ntchito ya kabuku kosowako.

Ponty anabadwa pa 29 Seputembala 1942 ku Avranches, katauni ka m'chigawo cha Normandy. Bambo ake ankaphunzitsa vayolini, mayi ake piyano. Ali ndi zaka 16 analowa sukulu yaikulu ya nyimbo ku Paris, Conservatoire, ndipo mu 1960 anatulukako ndi mphoto yapamwamba ya sukuluyo. Analembedwa ntchito m'gulu la orchestra la Concerts Lamoureux, komwe anakhalako zaka zitatu. Mpaka apa ndi mbiri ya mwana womvera makolo. Kungoti usiku mnyamatayu ankazemberanso ku jazz, ndipo chida chimene ankayimba kumeneko sichinali vayolini ayi. Anayamba ndi clarinet, imene bambo ake anamuphunzitsa, kenako sakisofoni, akutsanzira zimene ankamva kwa Miles Davis ndi John Coltrane. Vayolini inalowa mu jazz yake pambuyo, itapeza khutu lake litazolowera kale kalankhulidwe ka zida zouzira.

Mfundo imeneyi muigwiritse, chifukwa ndi imene imapangitsa kuti mukamumva kamodzi musadzamusokonezenso ndi wina. Oyimba vayolini ambiri amanjenjemeretsa chala pa nsambo kuti liwu lizituluka lolira, lodandaula. Ponty amachita zimenezo mwa apo ndi apo. Liwu lake limatuluka lowongoka, lakuthwa, ndipo amaliduladula ngati munthu amene akufunika kupuma pakati. Mu 1964 anatulutsa chimbale chake choyamba, Jazz Long Playing. Mu 1966 ku Basel anaima pamodzi ndi akuluakulu a vayolini ya jazz, Stéphane Grappelli, Stuff Smith ndi Svend Asmussen, pa chimbale cha Violin Summit, iye ali wamng'ono pa onsewo. Chaka chotsatira John Lewis wa Modern Jazz Quartet anamuitanira ku chikondwerero cha jazz cha ku Monterey, ku California, ndipo khomo la ku America linatseguka.

Kuchokera apo mayina amachuluka, ndingodutsamo mwachangu. Anajambula ndi George Duke mu 1969. Frank Zappa, woyimba gitala ndi wopeka nyimbo wa ku America, anamukonzera chimbale chimene nyimbo zambiri anapeka Zappayo, King Kong, chimene chinatuluka mu 1970. Mu 1972 vayolini yake ikumveka pa Honky Château cha Elton John. Mu 1973 anasamukira ku Los Angeles ndi banja lake n'kumayenda ndi bandi ya Zappa. Kenako analowa Mahavishnu Orchestra ya John McLaughlin, n'kujambula nayo Apocalypse mu 1974 ndi Visions of the Emerald Beyond mu 1975. Za magetsizo zinabwera chifukwa chosowa pogwira: vayolini yathabwa singalimbane ndi munthu amene akumenya ng'oma ndi mphamvu zake zonse. Anayamba kuikuza mawu kuti azimveka chabe, kenako anaona kuti magetsiwo akumupatsa liwu latsopano. M'zimbalezi mumva vayolini za Barcus-Berry, ina ya nsambo zisanu, ina yotchedwa violectra yomwe imalira pansi kwambiri, zitadutsa m'timabokosi topondaponda tofanana ndi ta oyimba lidi.

Ndiye munthu wodutsa m'manja mwa Lamoureux, Grappelli, Zappa ndi McLaughlin akayamba bandi yakeyake, mungayembekezere chisakanizo chosadziwika mutu wake. Apa ndi pamene kabokosika kanandidabwitsa. Anthu amakonda kumutama Ponty kuti amayimba chilichonse, koma mutamvera zimbale zisanuzi motsatizana muona kuti mkuluyu sasinthasintha ayi. Ali ndi kamangidwe kake ka nyimbo kamodzi, ndipo mitundu ya nyimbo imene wadutsamo amangoitenga n'kuiika m'kamangidweko. Amayamba ndi kachidutswa kafupi kobwerezabwereza pansi, pa bezi kapena pa kiyibodi. Pamwamba pake amayalapo chuni choyenda pang'onopang'ono, cha manotsi ataliatali. Makodi amasuntha osakuuza, mwadzidzidzi wapezeka uli mu kiyi ina koma kachidutswa kaja kakadali pomwepo. Akatero amatsegulira anyamata ake mmodzimmodzi kuti alankhule, kenako onse n'kubwerera kunyumba. Aliyense amene anayimbapo rumba pa ukwati akudziwa kuti bezi siyenda ulendo, imakhala pakhomo kuti ena apite. Ponty amalidziwa lamulo limeneli, ndipo n'chifukwa chake nyimbo zake, ngakhale zikhale zovuta kuyimba, sizivuta kumvera. Kwa ine ukatswiri wake weniweni uli pa kupeka. Kuthamanga kwa zala n'kwachiwiri.

Chimbale choyamba, Upon the Wings of Music, n'chimene chili pafupi kwambiri ndi funk, ndipo mukaona amene ali kumbuyo mumvetsa. Ng'oma akumenya Leon "Ndugu" Chancler, yemwe uja anadzamenya pa Billie Jean ya Michael Jackson. Pa kiyibodi pali Patrice Rushen, mtsikana wa zaka 20 panthawiyo, amene dziko linadzamudziwa mu 1982 ndi Forget Me Nots. Mmodzi mwa oyimba gitala ndi Ray Parker Jr. Ndipo bezi ili m'manja mwa Ralphe Armstrong wa ku Detroit, amene Ponty anakumana naye ku Mahavishnu, mnyamatayo asanakwanitse n'komwe zaka 20. Pa chimbalechi Ponty akumveka ngati akuyesa makomo. Pa Echoes of the Future ali yekha ndi makina obwereza mawu, akudziyankha yekha. Pa Question with No Answer wasanjikiza mavayolini angapo pamwamba pa piyano ya Rushen, ndipo apa ndi pamene mwana wa Conservatoire uja akuonekera poyera. Si chimbale chomangika bwino kuposa zinzake, koma chili ndi thukuta limene zinazo zinadzalipukuta.

Aurora ndichidutsa msanga. N'chabwino, koma kwa ine ntchito yake ndi ya mlatho. Apa ndi pamene palowa Daryl Stuermer pa gitala ndi Tom Fowler, wa kwa Zappa, pa bezi. Nyimbo imene ndimabwererako ndi Renaissance, yoyimbidwa ndi zida zopanda magetsi, yofatsa, yoti ukhoza kumuyikira munthu amene amati jazz ndi phokoso.

Imaginary Voyage chimatsegula ndi New Country, ndipo ngati pali nyimbo imodzi m'kabokosika imene ingagwire Mmalawi wosakonzekera, ndi imeneyi. Tinakula tikumva Jim Reeves, Don Williams ndi Dolly Parton pa wailesi, kotero kayendedwe ka country sikachilendo kwa ife. Apa Mfalansa watenga kalizidwe ka vayolini ka alimi a ku America, kothamanga ngati moto, n'kukakhazika pa ng'oma yapansi yogunda mosalekeza, Stuermer n'kuyankha ndi gitala yabokosi. Tsiku lina tikuyesa zida muholo ukwati usanayambe, ndinamuyikira mnyamata wathu wa kiyibodi. Anamvera kawiri, n'kusankha liwu la vayolini pa kiyibodi yake, n'kuyamba kutsatira. Manotsi anawapeza, zala ali nazo mwanayo. Koma zinkamveka zouma, chifukwa pa kiyibodi notsi iliyonse ili ndi malire ake, pamene Ponty amatsetsereka kuchoka pa ina kulowa pa inzake, ndipo nthawi zina amaliza nsambo ziwiri pamodzi, ina itangoima chiimire ina ikuyenda. Mnyamatayo anachotsa manja n'kunena kuti, "Madala, izi n'zofuna uta weniweni, bokosi langali likunama." Amayi amene ankamanga mabaluni kutsogolo anali atayamba kale kugwedeza mapewa.

Mbali yachiwiri ya mbale yakaleyo inali nyimbo imodzi, Imaginary Voyage, ya magawo anayi, mphindi pafupifupi 20. Apa kiyibodi yapita kwa Allan Zavod wa ku Australia, amene anadzakhala ndi Ponty zaka zambiri. Gawo loyamba n'lolembedwa notsi iliyonse, bandi yonse ikuthamanga mzere umodzi, ndipo m'malo ena kuwerenga kwathu kwa masiku onse kwa 1, 2, 3, 4 kumakutaya m'njira. Zimenezo anazitenga kwa McLaughlin ndi Zappa, amene onse ankakonda kupotoza kawerengedwe. Kusiyana kwake n'kwakuti Ponty sakusiya uli m'tchire nthawi yaitali. Akakusokoneza pang'ono amakupatsanso pogwira.

Tsopano tifike pa chimbale chimene chikanandikwanira ngakhale chikanabwera chokha. Enigmatic Ocean chinafika pamwamba pa mndandanda wa zimbale za jazz wa Billboard mu 1977, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake. Bandi yake ndi iyi: Armstrong wabwerera pa bezi, Zavod pa kiyibodi, Steve Smith pa ng'oma, ndipo magitala ndi awiri, Stuermer ndi Mngelezi Allan Holdsworth. Simufunika kuwerenga timadontho ta pa chikuto kuti musiyanitse awiriwa. Stuermer amatola notsi iliyonse payokha, umamva kapulasitiki kakumenya nsambo. Holdsworth ndiye manotsi ake amangotuluka ngati akutsanulidwa, osamva poyambira, moti pena umachita kudzifunsa ngati ili gitala kapena ndi vayolini ija yasintha liwu. M'gawo lachiwiri la nyimbo yotchedwa dzina la chimbalechi, vayolini, magitala ndi kiyibodi zimalandizana mwaliwiro, aliyense kulowa pamene mnzake wangotuluka, ngati amayi akusinja atatu mu mtondo umodzi: mmodzi atangochedwa pang'ono misi ikhoza kugundana, koma sizichitika.

Mirage ndiyo nyimbo imene ndingamupatse munthu wofuna kuona kamangidwe kaja ndi maso. Kachidutswa kapansi kamayamba, kamakhazikika, ndipo sikachoka. Chuni cha vayolini chimabwera mosafulumira, chopatsa mpata. Palibe amene akudzionetsera, komabe nyimboyo ikatha umapeza phazi lakhala likugunda pansi nthawi yonseyo.

Nanga Armstrong? Amayimba bezi yopanda zitsulo zija zogawa khosi la gitala, ndiye chala chake chimayenda momasuka monga cha woyimba vayolini, ndipo liwu lake limakhala ndi kakung'ung'udza kena kamene bezi wamba ilibe. Pa Nostalgic Lady mverani mmene akutsetserekera kulowa m'notsi kuchokera pansi, mochedwa dala pang'ono, kenako n'kuigwira pakati penipeni. Pa chida chopanda zitsulo ukaphonya ndi kachigawo kakang'ono ka chala, aliyense amamva. Iye saphonya, ndipo akuchita zimenezi ali ndi zaka 21. Kumapeto kwa chimbale, pa The Struggle of the Turtle to the Sea, amapatsidwa bwalo lakelake, ndipo amasintha liwu la bezi kukhala lokalipa, lokhadzula. Koma chimene ndimamusirira si pamene ali kutsogolo. Ndi pamene wakhala mphindi zinayi pa kachidutswa kamodzi osatopa nako, akungosintha kulemera kwa chala, pena kukankha pena kubweza, kuti amene akuyimba pamwamba azimva kuti pansi pali moyo. Achinyamata athu ambiri a bezi masiku ano akangophunzira kumenya nsambo ndi chala chachikulu amafuna mpingo wonse udziwe, ngakhale pakati pa pemphero. Ndikanakonda atamvera chimbalechi kaye.

Bandi imeneyi siinakhalitse, ndipo kumene anthu ake anapita kukusonyeza mtundu wa anthu amene Ponty ankasankha. Mu 1978 Steve Smith analowa Journey. Chaka chomwecho Stuermer anayamba kuyenda ndi Genesis, ndipo kuchokera apo wakhala kumbali kwa Phil Collins zaka zambirimbiri. Ngati munavinapo nyimbo za Collins, gitala ya munthu ameneyu munaimva kale osadziwa.

Cosmic Messenger ndi chimbale chosalala kuposa zonse, ndipo apa ndi pamene dandaulo langa lina likuyambira. Magitala ali ndi Peter Maunu ndi Joaquin Lievano, ng'oma Casey Scheuerell, onse odziwa ntchito. Egocentric Molecules ndi phwando la Armstrong, ndipo Ethereal Mood n'njokoma. Koma ukafika pa chimbale chachisanu utamvera zinayi zija, njira ya mkuluyu umakhala waidziwa. Ukangomva kachidutswa kayamba, umadziwa kuti chuni chachitali chikubwera, kenako kulandizana, kenako kubwerera. Chimene chinali mphamvu chimayamba kuoneka ngati chizolowezi. Sindikunena kuti chimbalechi n'chofooka. Ndikunena kuti musamvere zisanu zonse tsiku limodzi. Mayina a nyimbo nawo, ena a za m'mlengalenga ndi maloto, ndi a nthawi yake, ndipo maliwu ena a kiyibodi ya Zavod akalamba kuposa vayolini.

Muyeneranso kudziwa kuti m'ma CD asanu onsewa mulibe munthu woyimba ndi pakamwa. Kwathu kuno nyimbo ndi uthenga, ndipo nyimbo yopanda mawu ambiri amaitenga ngati yodikirira nkhani pa wailesi. Mayi a kunyumba atamva kwa kanthawi anandifunsa kuti, "Bambo a mwana, nanga mawuwo anaiwala ku situdiyo?" Sindinawatsutse, chifukwa funsolo ndi la anthu ambiri. Ngati inunso mumafuna mawu oti muziyimba nawo pochapa, kabokosi aka si kanu.

Za kamvekedwe: n'zojambulidwa bwino, chida chilichonse chili pamalo pake, koma si zokwera ngati nyimbo za masiku ano, ndiye mudzafunika kukweza voliyumu. Pa kasipika ka foni musayese n'komwe, bezi yonse imasowa ndipo vayolini imatsala yokha ikulasa m'khutu. Ine ndimadutsitsa pa DVD yakale yolumikiza ku ampulifaya ndi masipika awiri a kunyumba, ndipo pamenepo zimakhala bwino. Zimbalezi zikupezekanso pa Spotify ndi YouTube, choncho amene ali ndi bandulo yokwanira akhoza kulawa kaye asanatume wachibale. Ubwino wa CD n'ngwakuti ukagula wagula, netiweki ivute isavute.

Dandaulo lomaliza si la wopanga kabokosi kwenikweni, chifukwa dzina lake lanena kale kuti ndi zimbale zisanu basi. Koma wogula adziwe kuti akugula zaka zinayi zokha za munthu amene wakhala akujambula kwa zaka zoposa 50. Jazz yake ya ku Ulaya ya m'ma 1960 mulibe. Zappa ndi Mahavishnu mulibe. Individual Choice cha 1983, pamene anayamba kupeka ndi makina oyimba okha mobwereza, mulibe, ngakhale mutamva kachidutswa kobwerezabwereza ka m'zimbale izi muona kuti makinawo anangopeza ntchito itayalidwa kale. Mulibenso The Rite of Strings cha 1995, pamene iye, Stanley Clarke ndi Al Di Meola anasiya magetsi ndi ng'oma n'kukhala atatu okha ndi zida zathabwa, kapena zimene anachita ndi Jon Anderson wa gulu la Yes mu 2015.

Chimene chikundiwawa kwambiri kusowa kwake ndi Tchokola cha 1991, chimene chinatuluka ku kampani ina, Epic. M'zaka za m'ma 1980 mzinda wa Paris unadzaza ndi oyimba a ku Africa kuno. Manu Dibango, Salif Keita, Mory Kanté ndi Papa Wemba onse ankagwirira ntchito kumeneko. Ponty anabwerera kwawo kukajambula ndi ena mwa anyamata a m'mabandi amenewo. Wotsogolera naye ntchitoyo anali Brice Wassy wa ku Cameroon, womenya ng'oma amene anagwirapo ndi Dibango komanso Keita. Pa bezi panali Guy Nsangué, wa ku Cameroon komweko, ndipo pa ng'oma zamanja panali Abdou M'Boup wa ku Senegal. Muli kora, chida cha nsambo zambiri cha kuzambwe kwa Africa, muli balafon, yofanana ndi valimba, muli anthu oyimba ndi pakamwa, ndipo nyimbo zambiri anapeka ndi Aafirikawo, osati iye.

Chimbale chimenecho n'chofunika chifukwa ndi pamene kamangidwe kake kaja anakasiya pakhomo. M'zimbale zisanu za m'kabokosika Ponty ndi mwini nyumba: wapeka yekha, wakonza yekha, aliyense akuyenda m'mizere imene iye walemba. Pa Tchokola ndi mlendo, ndipo zikumveka. Pa makossa, nyimbo zovina za ku Cameroon, amayenda momasuka, nyimbo ya Mouna Bowa ndi umboni. Koma zikafika pa kagundidwe ka patatupatatu ka ku Cameroon, kamene ife okulira pa manganje timangokalowa osaganiza, umamumva akuponda mosamala, akumvetsera kaye ng'oma asanalankhule. Sakuphonya, koma sakulamula. Ndipo vayolini ija, imene pa Cosmic Messenger inayamba kumveka yodziwa zonse, apa yapezanso njala. Sizinathere pomwepo: mu 1993 anatulutsa No Absolute Time, m'mene anatenga kagundidwe kameneka n'kukalowetsa m'nyimbo zopeka yekha, ndipo Nsangué anakhala woyimba bezi wake zaka zambiri pambuyo pake. Kuchoka pa Armstrong kufika pa Nsangué, mkuluyu sanalakwitsepo posankha munthu wa pansi.

Ndiye agule ndani? Woyimba chida chilichonse m'bandi, makamaka bezi, kiyibodi ndi lidi, apezamo sukulu ya mtengo wotsika. Mwana amene akuphunzira vayolini n'kumaganiza kuti chidacho n'cha nyimbo za maliro ndi zolowera mkwatibwi basi, mumuyikire New Country muone nkhope yake. Wokonda George Duke, Stanley Clarke kapena Weather Report ali kwawo. Musayambe ndi CD yoyamba chifukwa choti ndi yoyamba. Yambani ndi Enigmatic Ocean, mubwerere ku Imaginary Voyage, kenako Upon the Wings of Music. Ziwiri zotsalazo zidikire sabata ina. Ndipo amene mukumutumayo mumuuziretu kuti akafunsenso Tchokola payokha, chifukwa m'kabokosi kameneka sachipezamo.